WOMANGA NYUMBA M'TAUNI AYAMBE WAFUNSA ZA MADZI

Caka ndi caka, misika ya mbeu ikatha ndipo alimi alandira ndalama za fodya, thonje, nshawa ndi soya, ambiri a iwo amaganiza zogula puloti kuboma kapena mumzinda. Wina amafuna nyumba yoti ana ace azikhalamo pamene alikuphunzira, wina amafuna ya lendi yoti idzamthandize mphamvu zogwira khasu zikadzatha, winanso amafuna kasitolo pafupi ndi msika. Maganizo otere ndi oyenera kuyamikiridwa, pakuti ndalama ya m'thumba siicedwa kutha, koma nyumba imatsalira ana ndi adzukulu.

Bvuto ndi lakuti anthu ambiri amaiyambira kumapeto nchito imeneyi. Amayamba aumba njerwa, agula malata ndi simenti, aitana mmisiri, ndipo funso lakuti madzi akumwa adzacokera kuti, nanga zonyansa za m'cimbudzi zidzapita kuti, amalisiya kuti adzaliona nyumba ikatha. Ku khonsolo amapitako pokhapokha atalandira kalata yowaletsa kumanga. Lamulo la dziko lino limafuna kuti zinthu ziyende mwa njira ina: munthu ayambe watsimikiza kuti malowo ndi ace ndithu, apereke pulani ya nyumba ku khonsolo, amve kwa eni madzi, ndipo pambuyo pace akumbe maziko. Ena amaliona lamuloli ngati msampha wa khonsolo wokolera ndalama za anthu. Koma amene waona zimene zacitika mu Lusaka kucokera pamene dziko linalandira ufulu adzabvomereza kuti ceniceni cimene lamuloli limateteza ndico madzi amene womangayo ndi ana ace adzamwa.

Kumudzi ndi kutauni nkosiyana

Kumudzi munthu akafuna malo omangapo amapita kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa pamodzi ndi akulu a mudzi amamlozera pomanga. Cimbudzi amakumba kuseri, cakuchire, pamene madzi anthu amatunga kudambo kapena pamjigo, patali ndi nyumba. Malo ndi aakulu, kotero kuti zonyansa zolowa pansi zimasefedwa ndi nthaka zisanafike pamene pali madzi akumwa. Ngakhale kumudzi komweko lamulo liripo, cinkana silinalembedwe: palibe amene angakumbe cimbudzi kumtunda kwa citsime ca mudzi anthu nkumangomuyang'ana.

Kutauni mpata wotere kulibe. Puloti ya nyumba yaing'ono ingakhale ya mamita 20 m'mimba ndi mamita 30 m'litali, ndipo kumanja, kumanzere ndi kumbuyo kwace kuli mapuloti a anthu ena amene womangayo sawadziwa nkomwe. Malamulo a za madzi a pansi pa nthaka amene anatuluka m'caka ca 2018 amati mjigo utalikirane ndi cimbudzi cokumba kapena dzenje la zonyansa ndi mamita osacepera 30. Mwini puloti angaike mjigo wace pangodya ina ndi cimbudzi pangodya ina, nayeza bwino mamita ace, koma mawa mnansi wace adzakumba cimbudzi kuseri kwa mpanda, mamita 3 okha kucokera pamjigowo. Palibe wa awiriwo amene walumpha malire, komabe mmodzi alikumwa zonyansa za mnzace.

Apa ndi pamene pagona cifukwa ca cilolezo comangira. Munthu mmodzi amaona puloti yace yokha. Khonsolo ndiyo imasunga mapu a dera lonse, osonyeza pamene padzapita mseu, ngalande ya madzi a mvula, mipope ya madzi akumwa ndi ya zonyansa, nthambo za magetsi, ndiponso malo osungidwira sukulu, cipatala ndi msika. Pulani ikafika kumeneko imaonedwa pamodzi ndi za anansi onse, monga mmene akulu a mudzi amaonera malo a munthu pamodzi ndi njira ya kumadzi ndi ya ng'ombe.

Phunziro la Lusaka

Lusaka anakhala likulu la dziko lino m'caka ca 1935. Atsamunda anaupima mzindawu molingalira azungu ndi anchito a Boma, pamene munthu wakuda anali kumuona ngati mlendo wodzagwira nchito amene tsiku lina adzabwerera kwao. Osowa nyumba anayamba kumanga pa mafamu ndi pa malo okumba miyala a azungu, ndipo maina a makomboni ena, monga George, John Laing ndi John Howard, amakumbutsa eni malo a nthawi imeneyo. Dziko litalandira ufulu mu 1964, ziletso za kuyenda zinacotsedwa, anthu anakhamukira mumzinda, ambiri a iwo ocokera ku Cigawo ca Kum'mawa, ndipo nyumba zinaculuka msanga kuposa miseu ndi mipope.

Mu 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lolola kuti makomboni ena akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ndipo ndi ngongole yocokera ku World Bank linayamba kulowetsa miseu ndi mipope ya madzi m'makomboni a George, Chawama, Chaisa ndi Chipata wa mu Lusaka. Nchitoyo inathandiza anthu zikwi zambiri, koma inaonetsanso kubvuta kwa kukonza pambuyo cimene cinayenera kukonzedwa poyamba. Kuti mseu kapena mpope upite, nyumba zina zinapasulidwa ndipo eni ace anasamutsidwira kumalo atsopano. Mpope umene ukadaikidwa mosabvuta pamene malowo anali chire unafuna misonkhano yambiri ndi kusamutsa mabanja. Mu 1978 mvula yamphamvu inamiza Kanyama, komboni yomangidwa pacidikha ca miyala pamene madzi sapeza kopita, ndipo mabanja ambiri anasowa pogona.

Pansi pa mbali yaikulu ya Lusaka pali mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga. Madzi amayenda msanga m'ming'alumo, osasefedwa monga amacitira m'dothi, ndipo m'dzinja amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. Madzi a mzindawu ena amacokera ku mtsinje wa Kafue, koma ena ambiri amapopedwa m'mijigo ya pansi pa mzinda womwewo. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni m'boma la Lusaka. Pafupifupi anthu 7 mwa 10 ali onse amakhala m'makomboni amene anayamba popanda pulani, m'mene cimbudzi cokumba ndi citsime cosaya kawirikawiri zimakhala pabwalo limodzi.

Zotsatira zace zinaoneka poyera. Mu Okutobala 2017 kolera inabuka m'makomboni a Chipata ndi Kanyama mu Lusaka, ndipo pofika Meyi 2018 anthu pafupifupi 5,900 anali atadwala m'dziko lonse, 114 atamwalira, ambiri a iwo a mu Lusaka. Boma linafika pokwirira zitsime zosaya zimene anthu anali kudalira. Mu Okutobala 2023 nthendayo inabweranso mwamphamvu koposa. Odwala anaposa 20,000, omwalira anaposa 700, bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo sukulu za dziko lonse, zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024, zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Mwana wa ku Vubwi amene sanapondepo mu Kanyama anakhala pakhomo masabata 5 cifukwa ca zimbudzi ndi zitsime za mzinda umene sanauonepo.

Anthu a m'makomboni amenewa sanamange motero cifukwa ca mwano ai. Anasowa kwina kopita, ndipo panthawiyo panalibe amene anawapimira malo. Koma amene ali ndi mwai wofunsa lero, nasankha kumanga osafunsa, alibe cowiringula cotere.

Zimene khonsolo imafuna

Coyamba ndi umwini wa malo. Lamulo la malo la 1995 limati malo onse a Zambia ali m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko m'malo mwa anthu onse, ndipo ali m'magulu awiri, malo a mafumu ndi malo a Boma. Malo a Boma amaperekedwa ndi mkulu woyang'anira za malo ku Unduna, kawirikawiri kwa zaka 99, ndipo makhonsolo amamthandiza polandira ndi kusankha ofunsira mapuloti. Khansala payekha, wapampando wa cipani m'dera, kapena mnyamata woyenda ndi cingwe copimira, alibe mphamvu yogulitsa puloti, ngakhale atalemba kalata ndi kudindapo cidindo. Malo a mafumu nawonso sasanduka a taitolo popanda cibvomerezo ca mfumu, ca khonsolo ndi ca Unduna. Cotero wogula puloti kwa munthu wina atenge nambala ya pulotiyo, apite nayo ku khonsolo ndi ku ofesi ya za malo kukaona dzina limene linalembedwa m'buku, ndipo wopima malo amuonetse zikhomo za malire, asanatulutse ngwee ndi imodzi yomwe.

Mu Ogasiti 2022 khonsolo ya Chingola inagwetsa nyumba zoposa 300 zomangidwa pamalo a bwalo la ndege la Kasompe. Ambiri a eni nyumbazo analira kuti malowo anacita kugula ndi ndalama zao, koma makina ogwetsera sanawerenge makalata ao. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ulendo umodzi wopita ku ofesi ukadapulumutsa thukuta la zaka zambiri.

Caciwiri ndi pulani. Lamulo la mapulani a mizinda ndi zigawo la 2015, limene linalowa m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda, limaletsa kumanga kapena kusintha nchito ya malo popanda cilolezo. Pulani iyenera kujambulidwa ndi munthu wobvomerezedwa pa nchitoyo, ndipo isonyeze kukula kwa zipinda ndi mazenera, kutalikirana kwa nyumba ndi malire, pamene padzakhala cimbudzi ndi dzenje la zonyansa, ndi kumene madzi a padenga adzathamangira. Imaperekedwa pamodzi ndi zikalata za umwini ndi ndalama yoonetsera pulani, ndipo imadutsa m'manja mwa a zamapulani, mainjiniya ndi a zaumoyo. M'maboma ena aang'ono khonsolo imaitumiza ku ofesi ya Cigawo kuti ikabvomerezedwe kumeneko. Wa zaumoyo akakana pulani cifukwa dzenje la zonyansa layandikira citsime ca mnansi, kukonza kwace ndi kufafaniza mzere papepala. Akadzaona zomwezo nyumba itatha, kukonza kwace ndi kugumula.

Cacitatu ndi kuyendera nchito. Cilolezo cikatuluka, oyendera a khonsolo ayenera kuitanidwa kudzaona maziko asanathiridwe konkire, ndiponso mipope ya zonyansa isanakwiriridwe, pakuti zimene zakwiriridwa pansi sizionekanso kufikira tsiku limene zidzabvuta. Nyumba ikatha, mwini amalandira cikalata cololeza anthu kulowamo. Wofuna kusandutsa nyumba yogona kukhala bala, sukulu ya ana, cigayo kapena malo ogona alendo afunika cilolezo cina, cifukwa dzenje limene linapimidwira banja la anthu 6 silingasenze alendo 40. Nchito zazikulu, monga fakitale, malo ogulitsira mafuta a galimoto kapena malo ophera ng'ombe, zimafunanso cibvomerezo ca bungwe la ZEMA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zacilengedwe la 2011, ndipo limayamba laona ngati nchitoyo siidzaononga madzi ndi nthaka ya anthu ozungulira.

Zimene eni madzi amafuna

Kale madzi a m'matauni anali kuyendetsedwa ndi makhonsolo eni ace. Lamulo la madzi ndi ukhondo la 1997 linakonza njira yoti makhonsolo apange makampani a madzi, ndipo linakhazikitsa bungwe la NWASCO, limene linayamba nchito mu 2000, kuti lizipereka ziphaso kwa makampaniwo, kubvomereza mitengo yao ndi kuona ngati alikutumikira anthu moyenera. Ku Cigawo ca Kum'mawa nchitoyi iri m'manja mwa Eastern Water and Sanitation Company, pamene ku likulu iri m'manja mwa Lusaka Water Supply and Sanitation Company. Cilolezo ca khonsolo pacokha sicibweretsa madzi pakhomo. Ofesi ya madzi ndi khomo lina, ndipo wanzeru amagogodapo asanagule puloti.

Kumeneko afunse kuti mpope waukulu uli pa mtunda wotani kucokera papulotiyo, pakuti puloti yochipa imene iri kutali ndi mpope imadzadula pa tsiku lokoka madzi. Afunse ngati madzi amafika pamalopo, makamaka mu mzinda wa mapiri ngati Chipata, cifukwa madzi sakwera okha kupitirira thanki imene acokera, ndipo womanga pamwamba pa phiri angaike pompi yokongola imene idzangotulutsa mpweya. Afunsenso ngati pansi pa pulotiyo pamapita mpope wa kampani. Nyumba yomangidwa pamwamba pa mpope iri pangozi, pakuti mpopewo ukaphulika umanyowetsa maziko, ndipo okonza ayenera kukumba pamene wapita, ngakhale pakhale pabalaza pa munthu.

Wofuna madzi amadzaza fomu, naonetsa citupa cace ndi zikalata za puloti. Anchito a kampani amabwera kudzayeza, namuuza mtengo, ndipo akalipira amamuikira mita yowerengera madzi. Kucokera pa mitayo kulowa m'nyumba, mipope yonse ndi udindo wa mwini nyumba. Ena poona kuti njirayi yatalika amaitana mmisiri usiku kuti awalumikizire mpope mwakuba. Umenewu ndi mlandu pamaso pa lamulo, koma kuipa kwace kumaposa kuba. Mpope wolumikizidwa mobisa umamangidwa ndi mphira, umadutsa m'ngalande ndi m'mbali mwa zimbudzi, ndipo umadontha. Madzi akaleka kutuluka kwa maola angapo, mpope wopanda kanthuwo umayamwa madzi oipa a m'ngalande kudzera podonthapo, ndipo madzi akabweranso amakankhira zoipazo ku mapompi a anthu onse a kumunsi, ngakhale amene amalipira mwezi ndi mwezi.

Kumene kuli mipope ya zonyansa pafupi, nyumba iyenera kulumikizidwa kumeneko. Kumene kulibe, dzenje limangidwe ndi njerwa ndi simenti monga pulani yanenera, ndipo pasiyidwe mpata woti galimoto yopopa zonyansa idzalowe likadzaza. Ambiri amamanga zipinda za lendi kuzungulira puloti yonse, ndipo dzenje likadzaza amasowa pokumba lina, nafika potayira zonyansa m'ngalande usiku mvula ikamagwa.

Amene asankha kukumba mjigo wace adziwe kuti madzi a pansi pa nthaka ali ndi mwini wowayang'anira, ndilo bungwe la WARMA, limene linabadwa ndi lamulo la madzi la 2011. Malamulo a 2018 amafuna kuti bungweli lidziwitsidwe mjigo usanakumbidwe, kuti wokumbayo akhale ndi ciphaso, ndi kuti mjigowo ulembedwe m'buku. Ena amadabwa kuti Boma likulowerera bwanji pa madzi a pansi pa puloti yao. Koma madzi a pansi sadziwa mpanda. Mijigo ikaculukana pamalo amodzi imaphwetsana, ndipo mjigo umodzi wokumbidwa mosasamala umakhala njira yotsitsira zonyansa za pamwamba kumadzi amene dera lonse limamwa.

Magwero a madzi nawonso amafuna kutetezedwa kwa omanga. Mzinda wa Chipata umamwa madzi a m'madamu a Lutembwe. Mitengo ikadulidwa m'mapiri ndi m'mbali mwa mtsinje kuti pakhale mapuloti ndi minda, mvula imakokolola dothi nkulitsitsira m'damu, ndipo damu lodzaza matope limasunga madzi ocepa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene anthu amawafuna koposa. Khonsolo ikakana kupereka puloti padambo kapena pagwero la mtsinje, ndiye kuti yaganizira anthu a mzinda wonse pamodzi ndi midzi ya kumunsi kwa mtsinjewo.

Lamulo lomweli likhudzenso nyumba za anthu onse. Mu 2022 ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera liri lonse, ndipo kucokera nthawi imeneyo midzi yambiri yaona makalasi, zipatala zazing'ono ndi misika zikumangidwa. Makomiti a citukuko a m'mawodi asamabvomereze pulani imene siisonyeza kumene kudzacokera madzi ndi pamene padzakhala zimbudzi. Cipinda cocirira amai cimene madzi ace amatungidwa ndi alonda a odwala kudambo ndi nchito yosatha, ngakhale citapakidwa utoto ndi kutsegulidwa ndi nyimbo.

Madandaulo a anthu ndi omveka

Sikuti onse omanga popanda cilolezo amacita dala. Mlimi wa kutali amalipira galimoto kupita kuboma, nauzidwa kuti abwere sabata ya mawa, ndipo sabata ya mawayo amapeza kuti woyenera kusaina wapita kumsonkhano. Miyezi imapita, mvula imayandikira, mtengo wa simenti umakwera, ndipo njerwa zosaocha zimayamba kusungunuka. Wojambula pulani amafuna ndalama zace, khonsolo zace, kampani ya madzi zace. Enanso amadandaula kuti analipira ndalama za miseu ndi madzi polandira puloti, koma zaka zapita osaona mseu kapena mpope. Ndipo makhonsolo ena eni ace anapezeka m'milandu ya malo: mu 2020 Boma linaimitsa makhonsolo a Lusaka ndi Kitwe kwa miyezi 3 pa nkhani ya kugawa malo mosatsata lamulo. Munthu akaona osunga lamulo alikuliswa, nkobvuta kumuuza kuti iye alisunge.

Madandaulo amenewa ayenera kumvedwa, ndipo mankhwala ace ali m'manja mwa makhonsolo ndi makampani a madzi. Mitengo yonse ya zilolezo ilembedwe pakhomo la ofesi m'Cinyanja, kuti munthu adziwe zimene ayenera kulipira asanalowe. Ndalama iri yonse ituluke ndi lisiti. Wopereka pulani auzidwe tsiku limene adzalandira yankho, ndipo pulani ikakanidwa auzidwe cifukwa cace polemba. Makhonsolo akhale ndi mapulani okonzeratu a nyumba zazing'ono za zipinda ziwiri kapena zitatu, oti munthu wosauka agule pa mtengo wocepa. Koposa zonse, mapuloti asagawidwe pachire popanda miseu ndi njira ya madzi. Lamulo la malo la 1995 linakhazikitsa thumba la ndalama lothandiza makhonsolo kutsegula malo atsopano, ndipo khonsolo iyenera kukhala pansi ndi kampani ya madzi isanaitane anthu kudzafunsira mapuloti.

Naye womanga ali ndi pokadandaula. Pulani ikacedwa, alembe kalata kwa mlembi wa khonsolo, asunge kope lace, ndipo auze khansala wa m'dera lace, pakuti imeneyo ndiyo nchito yeniyeni ya khansala. Kampani ya madzi ikalephera kumthandiza, nkhaniyo aipititse ku NWASCO. Wopempha ciphuphu aululidwe. Kucedwa kwa ofesi kumawawa, koma mankhwala ace sangakhale kumanga usiku, pakuti womanga usiku amalanga iye mwini ndi anansi ace, pamene wocedwetsa mapepala uja amagona tulo tace. Ndalama ya pulani ndi cilolezo ndi yocepa poiyerekeza ndi mtengo wa nyumba yonse, ndipo nyumba yokhala ndi mapepala ace imagulitsika bwino, ingaimire ngongole ku banki, ndiponso ana amasiye sabvutika nayo mwini akamwalira.

Tauni irikudza kumudzi

Wina anganene kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu a mu Lusaka, iye amakhala kumudzi pamalo a makolo ace. Ndi zoona kuti womanga nyumba ya banja m'mudzi mwa nyakwawa wace sayendera njira yonseyi. Koma malire a tauni saima pamodzi. Chipata anakwezedwa kukhala mzinda mu 2017. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma mu 2012, ndipo mu 2018 kunabadwa maboma a Chipangali, Kasenengwa, Lumezi, Chasefu ndi Lusangazi. Kumene kwafika boma latsopano kumafika maofesi, anchito ofuna nyumba, amalonda ndi ofuna mapuloti, ndipo minda imene inali ya cimanga dzulo imayamba kudulidwa tizidutswa. M'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, ndi wa ku Lundazi, midzi ina yasanduka kale timatauni popanda wina kuipima.

Maboma atsopanowa ali ndi mwai umene makomboni a Kanyama ndi George sanaupeze. Malo akadalipo, ndipo mseu ndi mpope zingathe kupimidwa nyumba zisanamangidwe. Lamulo la 2015 limalola khonsolo kupangana ndi mafumu kuti malo a mafumu amene alikukula msanga apimidwe bwino, mfumu osataya ulemu wace. Mafumu ndi anyakwawa a kufupi ndi maboma agwiritse nchito mpata umenewu. Pogawa malo asiye miseu yoti galimoto ziwiri zingapambane, asiye malo a sukulu, msika ndi manda, ndipo aletse kumanga padambo, pakasupe ndi pafupi ndi mjigo wa mudzi. Nyakwawa amene agulitsa mpaka njira ya kumadzi adzalandira ndalama tsiku limodzi, koma adzasiyira mbumba yace milandu ya malire ndi matenda a m'mimba.

M'mera mpoyamba. Mlimi amadziwa kuti mizere ikapotoka tsiku lobzala, khasu la ng'ombe silidzapita bwino popalira, ndipo palibe amene amaongola mizere cimanga citafika m'ciuno. Tauni nayonso imaongoledwa isanamangidwe. Cotero amene wasunga ndalama za mbeu za caka cino kuti amange kuboma, ulendo wace woyamba usakhale wa kusitolo ya malata. Ayambire ku khonsolo ndi nambala ya puloti m'manja, apitirire ku ofesi ya madzi, asunge lisiti iri yonse ndi kalata iri yonse pamalo abwino, ndipo akalandira cilolezo aitane mmisiri. Njerwa zingadikire mwezi umodzi kapena iwiri pansi pa udzu, koma dzenje lokumbidwa pamalo olakwika lidzamwetsa ana zoipa kwa zaka zonse zimene nyumbayo idzaima.